Mwendo Wamanzere wa a Kamvuluvulu

A Kamvuluvulu ndi ometa tsitsi. Ameta mitu yambiri, moti enafe anatiyamba tili ndi tsitsi, lero amangotipukuta dazi n'kutiuza kuti tatchena. Dzinali analitenga pa unyamata, m'maholo a dansi. Akalowa pakati anthu ankafutuka okha. Mkazi anamupeza komweko: anamuzunguza mwana wa eni ake mpaka chizungulire, pomwe amatsitsimuka n'kuti ali kale pabanja.

Ndiye chaka china anagwa pa makwerero akukhoma chikwangwani cha shopu. Anadzuka, n'kusansa fumbi, n'kunena kuti palibe kanthu. Chiuno chakumanzere sichinavomereze. Mwendo unayamba kutsalira m'mbuyo ngati mwana wokana sukulu. Kunyumba sananene. Munthu woti mkazi anamukopa ndi miyendo, akayambira pati kunena kuti umodzi watha? Anangolengeza kuti dansi ndi ya ana, iwo akula. Mu shopu ankazungulira kasitomala atagwira mpando, ngati akuyeza mutu. Pamsewu ankaimaima, kupereka moni kwa anthu osaufuna, kumanga zingwe za nsapato zomanga kale.

Mwayi wawo, mmene ankaonera iwo, unali woti zaka zomwezo mayi a kunyumba nawonso anayamba kukoka phazi. Akamayenda awiri, mayiwo ankakoleka dzanja pamkono wa amuna awo, pang'onopang'ono, anthu n'kumati, "Taonani bambo woleza mtima, akudikira mkazi wake." A Kamvuluvulu ankalandira ulemuwo ndi manja awiri, n'kuthira ndi mchere.

"Make mwana, tafulumirani! Tikafika anthu akubwerako."

"Dikirani inu," mayiwo ankayankha, "si tonse tinabadwa ndi mphepo kumapazi."

Mayiwo atamwalira, bambowa anatsala ndi chitonthozo chimodzi chokha, ndipo ankachisunga ngati dzira: mkazi wawo wapita osadziwa. Wapita mwamuna wake adakali kamvuluvulu.

Mwana wawo ndi mmodzi, mtsikana, timangomuti Chingwe chifukwa thupi lake limapindika kulikonse. Ameneyo anaswa makapu onse a m'nyumba povinira m'khitchini, pakati pa sinki ndi fuliji. Tsiku lina analowa mu shopu akupuma mwaphuma. Bungwe lina lothandiza ovina ongoyamba kumene linali litamusankha: miyezi ingapo akakhale kubungweko, chipinda chogona ampatsa, chakudya ampatsa, holo ya matabwa pansi ndi magalasi khoma lonse, ndi mphunzitsi womuyang'anira.

"Ndiye akudyetse kuti uzidumphadumpha?" anatero bambo ake. "Ife tinkavina ndi njala."

"Ababa, si kudumpha, ndi ntchito. Akuti aliyense apange gule wakewake, kuchokera pa zimene thupi lake likukumbukira."

"Langa limangokumbukira nthawi ya nkhomaliro."

Anaseka, koma madzulo omwewo anatulutsa suti. Thupi la mwana wa Kamvuluvulu lingakumbukire chiyani china? Ankadziwa kuti akaona kuzungulira kwawo kuja kutadzukanso m'miyendo ya mwana.

Tsiku loonetsa magulewo linali Loweruka masana. Holoyo ili m'mwamba, ndiye bambowa analawirira kuti masitepe awakwere popanda mboni. Anavina mnyamata wina wogubuduka pansi ngati wadya zowola, anavina atsikana awiri okankhana misana. Kenako Chingwe.

Anatuluka popanda nyimbo, atavala diresi yobiriwira ya mayi ake, imene ankakonda kuvala poyenda. Dzanja anali atalikoleka m'malere, pamkono wa munthu wosaoneka. Anayenda pang'onopang'ono, akukoka phazi pamatabwa, kuima, kuyang'ana m'mbali n'kumwetulira wosaonekayo. A Kamvuluvulu anayang'anitsitsa. Anali make mwana enieni, mpaka kapendekedwe ka khosi.

Atafika kukhoma, Chingwe anamasula dzanja, n'kuyang'ana uku ndi uku. Basi ananyamuka! Mapazi opepuka, liwiro, ngati akulumpha zithaphwi n'kuzemba magalimoto, diresi ili petupetu. Mwadzidzidzi anaima ngati wamva mawu. Anakonza diresi, anakolekanso dzanja, phazi linayambanso kukokeka. Lamanzere. Anabwereza zomwezo, kuthamanga ndi kutsimphina, kuthamanga ndi kutsimphina, mpaka anthu anaiwala kutsokomola.

M'manja munaombedwa. A Kamvuluvulu manja awo anali pamaondo.

Mwana atabwera, thukuta lili kamukamu, bambo anayesa nthabwala, koma mawu anatuluka opanda mafuta.

"Wawanamizira mayi ako. Liwiro lija walitenga kuti?"

"Kwa iwo omwe. Tikamapita kumsika awiri, ndinkachita kuwathamangira ine. Masitepe ankakwera awiriawiri, dengu lili m'manja."

"Iwe, mayi ako mwendo unkawavuta."

"Mukakhalapo inu." Chingwe anayang'ana pansi. "Ndinawafunsapo ndili wamng'ono. Anati mwendo wawo umadwala ukangomva fungo la mafuta a bambo ako. Anati ndisadzakuuzeni. Sindinakuuzeni, ababa. Ndangovina."

Bambowa anafuna kufunsa kuti kuyambira liti, koma yankho ankalidziwa: kuyambira sabata ya chikwangwani. Mkazi uja anaona mwendo ukutsalira, sanafunse, anangoutenga n'kukhala wake pamaso pa anthu. Zaka zonsezo wodikiridwa anali bambowa. Ndipo iwo, pakamwa mopanda chotsekera, ankamuuza pamsewu, anthu akumva, kuti tafulumirani.

Anthu anayamba kutsika. A Kamvuluvulu anafika pamwamba pa masitepe, n'kuwerama monga mwa masiku onse kuti amange chingwe cha nsapato mpaka gulu lidutse. Chingwe anabwera, anakoleka dzanja pamkono wawo, phazi lake lamanzere n'kuyamba kukokeka.

"Usayerekeze," anatero bambo ake. Analichotsa dzanjalo pang'onopang'ono. "Miyendo imeneyo anthu akukupatsira nyumba. Yenda bwino."

Anagwira chitsulo cha m'mbali n'kutsika okha, suti ndi tayi, mwendo ukugunda sitepe iliyonse, gu, gu, anthu akupatuka ngati kale m'maholo muja.

Kuyambira pamenepo amatsimphina poyera. Ife a madazi tinakonza zowaseka zambirimbiri, zina zabwino ndithu, koma zikuwolera m'kamwa. Chingwe akumuitana kutali chifukwa cha gule uja, ndipo bambo ake amauza kasitomala aliyense, ngakhale wosafunsa. Koma diresi yobiriwira ikangodutsa pawindo, makina ometera amaima pakati pa mutu wa munthu. Iwe umangokhala pampandopo, theka lometedwa, kudikira. Palibe amene amawauza kuti afulumire.