Che Jaffalie, Amene Anaphunzitsa Atsikana Kutchinga

Che Jaffalie Wadi anabadwira ku Malindi m'banja la asodzi, ndipo akanakhala aafupi, mwina moyo wawo wonse ukanathera m'bwato ngati abale awo. Koma anatalika msanga. Atafika ku sekondale ku Zomba, mphunzitsi wa zamasewero anangowaona pamzere wolandira chakudya n'kuwakokera kubwalo la basiketibo. Kugoletsa sikunawayanje. Manja awo anali atauma ndi zingwe za khoka, moti mpira ukachoka m'manjamo unkakagunda thabwa ngati mwala. Chimene ankachidziwa chinali kumamatira munthu. Akawapatsa mnyamata woti amutchinge, mnyamatayo ankatuluka m'bwalo atatupa ndi mkwiyo, osagoletsa kanthu.

Mpirawo sunawafikitse patali. Anaphunzira ukalipentala, anakhomako mabedi ndi mipando m'malo ogona alendo ku Nkopola, ndipo kumeneko anakumana ndi Tatu, mwana wa munthu wogulitsa usipa wa ku Nkope. Anakwatirana n'kubereka mwana mmodzi, Sadik, amene atakula anatsatira anzake ku Joni. Tsitsi litayamba kuyera, Che Jaffalie anali akuphunzitsa ukalipentala pa koleji ina ya ntchito zamanja pafupi ndi boma la Mangochi.

Pakolejipo panali bwalo la simenti long'ambikang'ambika, matabwa a magolo ake atawola ndi mvula. Tsiku lina Che Jaffalie anatola zidutswa zotsala m'shopu, nakhoma matabwa atsopano popanda wowatuma. Ali pamakwerero, kunabwera mtsikana wina wa ku Rumphi, Rejoice Mhango, amene ankaphunzira zamagetsi.

"Aphunzitsi, munthu wosadziwa mpira sangayeze golo mmene mukuyezeramu," anatero Rejoice. "Ife atsikana tili ndi timu koma tilibe kochi. Loweruka tikusewera ndi a ku Zomba. Mudzangotionako basi."

Anapita kukangoonako. Atsikanawo ankathamanga bwino, ndipo kugoletsa ankakutha. Koma mpira ukapita kwa adani, zinali zomvetsa chisoni. Aliyense ankabwerera m'mbuyo, n'kuima chilili manja ali m'mwamba, kudikira kuti mnzakeyo aponye. A ku Zomba ankangodutsa pakati pawo ngati akulowa mumsika. Che Jaffalie anazindikira msanga pamene panali vuto. Onsewo anakulira mu netibo, momwe lamulo limati uime patali ndi mwini mpira, usamukhudze, ndipo usatuluke m'chigawo chako. Matupi awo ankamverabe lamulo la masewero ena.

Lolemba madzulo anafika pabwalo atanyamula zingwe, fumbi la matabwa likadali m'ndevu.

"Lero mpira kulibe," anatero. "Aliyense amange manja kumbuyo."

Atsikana anaseka, koma kuseka kunatha dzuwa la Okutobala litawalowa m'mafupa. Anawaphunzitsa kupinda maondo, kutsetsereka cham'mbali osapingasa miyendo, ndi kutsekera munthu njira ndi thupi lonse. "Musayang'ane mpira, musayang'ane maso ake. Maso amanama. Yang'anani pamimba, chifukwa kumene mimba ikupita munthu akupita komweko." Pamene ankanena zimenezi iwo eni ankayang'ana pansi mwamanyazi, ndipo atsikana ankatsinana.

Amene anagwira msanga anali Zakia, mtsikana wa ku Mpondasi, wamfupi, wosalankhulalankhula, yemwe ankasewera atavala buluku lalitali ndi mpango kumutu. Mu netibo ankangokhala pabenchi. Apa anasanduka nkhupakupa. Ngakhale Rejoice, amene ankagoletsa kuposa onse, ankachita kupsa mtima akamutchinga Zakia.

Komabe timu yawo inali ya anthu aafupi, ndipo kutchinga aliyense wake kunkawatopetsa chigawo chachiwiri chisanathe. Ndiye Che Jaffalie anasintha. Anaika awiri kutsogolo, atatu kumbuyo, kuti azitchinga malo m'malo mwa munthu, onse n'kumasunthira limodzi kumene mpira wapita. "Khoka likabooka pamodzi, nsomba zonse zimatulukira pomwepo," ankatero. Chimene chinavuta kwambiri chinali kuwatsegula pakamwa. Ankafuna kuti wakumbuyo, amene akuona bwalo lonse, azikuwa: "Kumanzere! Wako uyo! Ndilipo!" Atsikana oleredwa kuti mkazi sakuwa pagulu zinawatengera miyezi kuti azolowere.

Kunyumba Tatu sankakondwera nazo. Amuna ake anali ndi matenda a shuga kuyambira kale, ndipo adokotala anawauza kuti azidya panthawi yake ndi kupuma mokwanira.

"Bambo a Sadik, anzanu akaweruka amabwera kunyumba. Inu mukukaima padzuwa ndi ana a eni ake. Kumzikiti anthu ayamba kufunsa."

"Afunse, mayi a Sadik. Ndikuwaphunzitsa kuima molimba, palibe choipa."

"Nanga inuyo mwaima molimba?"

Panali chinthu chimene Che Jaffalie anali asanamuuze aliyense. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga. Poyamba ankalephera kuwerenga tepi yoyezera. Kenako nkhope za ophunzira zinayamba kusungunuka. Zinaululika tsiku limene makina ochekera matabwa anawadula nsonga za zala ziwiri ophunzira akuona. Bala linapola movutikira, ndipo akuluakulu a koleji anawapumitsa ntchito mwaulemu, ndi mphatso ya wailesi. Anabwerera ku Malindi, kunyumba imene anamanga pafupi ndi ya makolo awo.

Anthu ankayesa kuti za mpira zathera pomwepo. Koma Lachiwiri lotsatira anakwera njinga yamoto ya kabaza, Tatu akuwakalipira pakhomo, n'kukatsikira pageti la koleji. Zakia anawagwira mkono mpaka pabenchi. Kuyambira pamenepo ankabwera kawiri pamlungu, opanda malipiro, opanda udindo uliwonse. Bwalo ankaliona ngati mithunzi yoyendayenda, koma makutu awo ankagwira zonse: kulira kwa nsapato pasimenti, ndi mawu a atsikana akuitanana.

"Kumbuyo kumanja kwati zii! Ndani ali kumeneko?"

"Ndine, Kochi."

"Wagona? Ngati sindikukumva ine, mnzako akumva bwanji?"

Chaka chimenecho timu inasiya kukhala yoseketsa. Inkagonjabe nthawi zina, koma adani ankachoka atatuluka thukuta. A ku Zomba aja atabweranso, anagonja pabwalo long'ambika lomwe lija, ndipo Che Jaffalie anafunsa kangapo kuti awauzenso zigoli, akupukuta m'maso ndi chipewa.

Kenako chala chawo cha kuphazi chinachita chilonda. Anapunthwa pamwala popita kumzikiti, kanthu kakang'ono, koma chilondacho chinakana kupola. Chinadya phazi, n'kuyamba kukwera. Kuchipatala ananena zodula mwendo, iwo anapempha kuti akaganize kaye kunyumba, ndipo kuganizako kunatalika. Mpikisano wa makoleji a m'chigawo cha kummwera utafika, wochitikira ku Blantyre, anali atasiya kudzuka pamphasa.

Lachisanu, timu isananyamuke, Rejoice anawaimbira foni. Mawu awo anali otsika koma mutu unali bwinobwino.

"Mukakumana ndi a ku yunivesite aja, ali ndi wamtali mmodzi pakati. Musalimbane naye m'mwamba, simungamuthe. Zakia akatseke amene amamupatsira mpira. Wamtali wopanda mpira ndi mtengo chabe."

"Tamva, Kochi. Tikabwera tidzakuonani."

"Mukadye mokwanira. Ndipo muzikalankhula."

Che Jaffalie anamwalira Loweruka m'mawa, dzuwa litangokwera pang'ono. Mchimwene wake wa Tatu, Che Zubair, anatenga foni ya malemuyo kuti ayambe kudziwitsa anthu. Atafika pa dzina la Rejoice, Tatu anawagwira dzanja.

"Amenewo asiyeni kaye. Akusewera lero. Ngakhale muwauze, safika nthawi yake."

Ku Blantyre atsikana anapambana masewero a m'mawa, ndipo masana anakumana ndi a ku yunivesite, timu imene inazolowera kumwetsa anzawo zigoli zosawerengeka. Zakia anamamatira wopatsira mpira uja mpaka mtsikanayo anayamba kukangana ndi anzake. Wamtali uja anangoyendayenda pansi pa golo manja ali m'chiuno. Holo yonse inadzaza ndi mawu a ana a ku Mangochi akuitanana m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka. Anagonja pamapeto penipeni, ndi basiketi imodzi yokha, koma anatuluka akuvina ngati atenga chikho, ndipo kochi wa adaniwo anabwera kudzafunsa kuti amawaphunzitsa ndani.

Rejoice anaimba foni ali panja pa holo, anzake atamuzungulira, aliyense akufuna kulankhula. Anayankha Che Zubair.

"Tipatseni Kochi, tiwauze! Wamtali uja tinamusandutsa mtengo!"

Che Zubair ananena zimene zinachitika. Rejoice anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

"Maliro adzakhala liti? Tinyamuka mawa m'mamawa."

"Mwanangu, ife tikuchokera kumanda. Tawaika itatha swala, pemphero la masana, monga mwa mwambo wathu wa Chisilamu."

Rejoice sanamvetse. Kwawo ku Rumphi maliro amadikira abale a kutali, anthu amagona pasiwa, amaona nkhope. Anayang'ana Zakia ngati akufuna kuti atsutse, koma Zakia anangophimba nkhope ndi mpango wake.

Atsikana anafika ku Malindi Lamulungu chakumasana, atamanga zitenje pamwamba pa yunifolomu. Amuna anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi m'nyumba ndi kuseri. Anawalowetsa kuchipinda kumene kunali Tatu. Atalira mokwanira, Rejoice analephera kudzigwira.

"Amayi, bwanji simunatiuze? Tikanasiya mpirawo."

"Ndikudziwa kuti mukanasiya," anatero Tatu. "Ndiye ine ndikanawayankha chiyani bambo a Sadik?"

Kenako Tatu anawongola miyendo, n'kunena kuti iye sanaonepo masewero amenewa chibadwire, ndipo ankadana nawo, koma amufotokozere mmene zinayendera dzulo. Atsikana anayamba mwamanyazi, motsitsa mawu poopa anthu a pamaliro. Anafotokoza za wamtali uja, za Zakia, za basiketi yomaliza. Tatu sankamva kuti faulo n'chiyani, ndipo anafunsa kawiri ngati anapambana kapena anagonja. Atamuuza kuti anagonja, anagwedeza mutu, misozi ikutsikira pachibwano.

Madzulo ake atsikana anathandiza kutunga madzi ndi kutsuka mbale, n'kukwera minibasi kubwerera kukoleji. Sadik sanabwere. Mapepala ake ku Joni sanali bwino, ndipo akanatuluka sakanaloledwa kubwereranso. Analira pafoni, n'kutumiza anzake kuti akamuimirire pa sadaka yokumbukira bambo ake. Miyezi imene mkazi wamasiye amakhala m'nyumba itatha, Tatu anatseka nyumba ya ku Malindi, napereka makiyi kwa alamu ake, n'kubwerera ku Nkope, kumene tsopano amayanika usipa pathandala la mchimwene wake.