Tsiku Limene Munandivulitsa Tayi

A Mhango, m'mawa uno ndikumanga tayi ndakukumbukirani. Ndinali nditangofika kumene ku Nchenachena monga kalaliki wa fakitale yochotsa makoko a khofi, ndipo ndinalowa m'chipinda cha makina nditavala tayi, faelo ili m'khwapa. Inu, amene munkayendetsa makinawo, mutangondiona munawazimitsa, kiyi n'kuika m'thumba. Ndinakwiya, pakuti alimi anali pamzere panja ndi khofi wawo, ndipo ndinakuuzani kuti ndikalemba lipoti loti mwaimitsa ntchito popanda chilolezo. Munangoloza lamba wa makinawo amene ankamaliza kuzungulira pafupi ndi chifuwa changa, n'kunena kuti: "A Kalaliki, lambayu sadziwa kuti munapita kusukulu. Akagwira tayi, khosi litsatira. Vulani kaye, lipotilo mukalembe muli moyo."

Ndinavula. Chimene ndinalemba nditabwerera ku ofesi sichinali lipoti lokunenezani, koma malamulo amene ndinawamva pakamwa panu, ndipo ndinakawamata pachitseko: chovala cholendewera chisalowe muno, wokonza makina asunge yekha kiyi mpaka atamaliza, woyatsa ayambe wafuula kuti aliyense achotse manja. Munapuma pantchito muli ndi zala zanu zonse, munakalamba bwino, ndipo munatisiya muli pakhomo panu, adzukulu atakuzungulirani. N'chifukwa chake lero sindikulira. Tayi ndimamangabe tsiku ndi tsiku, a Mhango, koma ngakhale pachigayo cha ku Mhuju ndimayamba ndaivula n'kuipinda m'thumba. Yewo chomene. Usani mumtendere.