Masamba a Amayi pa Msewu wa Malole

Kumapeto kwa Area 25, kumene ndinakulira, nyumba yathu inali yomalizira, ndipo kutsogolo kwake kunali minda yokhayokha. Ndili Sitandade 4, mindayo inadulidwa mapuloti. Akuluakulu anadandaula zambiri: kolima kwatha, madzi a pampopi achepa, kukubwera anthu amipanda osadziwa moni. Koma chomwe chinatisowetsa mtendere kwenikweni anali malole. Kamsewu kathu kafumbi, komwe tinkaseweramo fulaye, ndi komwe ankadulira ponyamula mchenga ndi njerwa, ndipo ankathamanga ngati mchengawo ukuwawotcha.

Zovala pachingwe zinkafiira, tomato wa Amayi pabenchi ankatuwa, tiyi ankamveka mchenga m'mano. Azibambo anapita kukadandaula kwa kapitawo wa malolewo. Anawalandira mwaulemu kwambiri, mawa lake malole n'kuwonjezera liwiro.

Tsiku lina lole inaphonya pang'onong'ono mlongo wanga Yamikani, wa zaka zitatu, akuyendetsa galimoto yake yamawaya. Tayala linaponda galimotoyo, iye n'kutsala ndi chiwongolero m'manja. Amayi sanakuwe, sanatukwane. Anangomubereka kumsana tsiku lonse, chimwana chachikulu kale, miyendo ili lendelende. Ndinali ndisanawaonepo ali ndi mantha otero.

M'mawa mwake anandipatsa chikwanje. "Kwera mumtengo wamangowo, undidulire nthambi zamasamba ambiri." Tinaziyala pamsewu, zina kumtunda, zina kumunsi, monga timachitira pakagwa maliro.

Zinatheka bwino zedi. Lole yoyamba inadutsa ikukwawa, dalaivala atavula chipewa. Wanjinga anatsika n'kumakankha. Ine ndi Amayi tinkangotsinana kuseri kwa benchi. Atakhutira, anabereka Yamikani n'kupita kumsika kukapikula tomato, ine n'kutsala ndikugulitsa.

Chimene Amayi anaiwala n'chakuti masamba saonedwa ndi madalaivala okha. Pakati pa nthambizo panali nyumba ziwiri: yathu, ndi ya a Gondwe, bambo a ku Rumphi opuma pantchito, omwe ankavutika ndi shuga, akazi awo ali kumudzi. Kwathu ndinkaoneka ndikugulitsa tomato maso ali gwa. Kwa a Gondwe chitseko chinali chotseka. Anthu anamaliza okha nkhaniyo.

Mayi wina anandinong'oneza, "Iwe, ndi a Gondwe eti?"

"Kaya, koma aika masamba ndi Amayi," ndinayankha. Bodza sindinanene.

Dzuwa lisanafike pamutu, khonde la a Gondwe linali litadzaza. Azimayi anabwera ndi nkhuni ndi ufa m'mabeseni, nyimbo zikuyenda motsitsa. Anyamata okumba manda anakhala pansi pa mtengo ndi makasu ndi mapiki, kudikira kuuzidwa kokakumba. Wina anali atayamba kale kuyamikira malemu kuti anali munthu wopatsa, a Gondwe omwewo amene ankawerenga mapapaya awo mumtengo m'mawa uliwonse.

Kenako chitseko chinatseguka. Malemu anatuluka atavala vesiti, thaulo paphewa, maso ali psuu ndi tulo ta mankhwala.

"Kodi kwagwanji pakhomo panga?"

Sindinaonenso azimayi akuluakulu akuthamanga chonchija. Beseni la ufa linauluka, wotsogolera nyimbo anadumpha ngalande ngati mtsikana, masilipasi anatsala mbwee pabwalo. Ine ndinaseka mpaka kugwetsa mulu wa tomato.

Amayi anatulukira dengu lili pamutu, anthu akubwerera mmodzimmodzi ali wefuwefu. Mkwiyo unali waukulu, chifukwa kwathu maliro saseweretsa. Amayi anatula dengu, anagwada, anapepesa a Gondwe. Kenako anamasula Yamikani n'kumuimika patsogolo pa anthu, chiwongolero chija akadali nacho, popeza ankakana kuchisiya.

"Ndalakwa, abale," anatero. "Koma ndinaona kuti bola ndiyale masamba abodza lero kusiyana ndi enieni mawa."

A Gondwe anayang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa anyamata aja n'kuloza pamsewu.

"Inu mwabwera kudzakumba. Ine sindinakonzeke, ndiye kumbani apa."

Pofika madzulo, msewu wathu unali ndi mahampu aakulu ngati mizere ya mbatata. Ufa wotsala unaphikidwira okumba, malemu eni ake akugawa ndiwo. Malole anayesa masiku angapo, akulira masipuling'i, kenako anasankha njira yozungulira. Yamikani anatsika kumsana.

Lero msewuwo ndi watara, minda ija ndi mipanda yokhayokha, ndipo ine ndimachita lendi m'nyumba imodzi mwa zomwe tinkadana nazo zija. Madzi ali m'nyumba, fumbi kulibe, sindingadandaule. Koma mwezi watha mnansi wanga wa kuseri kwa mpanda anamwalira, ine n'kumva pa foni atamuika kale. Zinandipweteka. A Gondwe tinawalira dera lonse ali moyo, nthambi zisanafote n'komwe.