Chimanga cha Abambo Pansi pa Mawaya

Kuseri kwa nyumba zomalizira za ku Emakhandeni kuli thengo limene mumadutsa mawaya akuluakulu a magetsi. Kumeneko ndi kumene timalima ife a m'tauni. Palibe anatigawira malo; aliyense amangodziwa kuti kuchokera pa mwala uwu kukafika pa chitsa icho ndi pake. Ukakhala m'kombi, minibasi ya kuno, n'kuponya maso, munda wa Mnyasa umaudziwira patali, chifukwa ndi wokhawo wokhala ndi mizere. Anzathu Andebele amadzala pansi posalala.

Ine ndinabadwira konkuno, ndipo kumudzi kwa abambo ku Ntcheu ndinangopondako kamodzi, pa maliro. Koma khasu ndimagwira chikwathu, monga anandiphunzitsira malemu abambo anga, amene anakalambira pa ntchito ya njanji. Iwo ankati wodzala osakweza mzere ndi mlesi. Ankanena zimenezi m'Chichewa, mokweza, podziwa kuti a minda yoyandikana sakumva.

Chimene anandisiyira ndi mbewu. Chimanga cha makolo, choyera, cha maso olimba, chimene anabwera nacho m'thumba la jekete ulendo wina atapita kumudzi. Chimachedwa kucha, sichibereka ngati chogula kusitolo, koma anankafumbwe amachilephera, ndipo pokonola sichinyenyeka. Chaka ndi chaka ndinkasankha chachikuluchikulu, n'kuchipachika ndi makoko ake m'kashedi momwe timaphikira pa nkhuni magetsi akazima, kuti utsi uzichisunga.

Panadza zaka ziwiri zotsatizana za mvula yochepa, ndipo mbewu yanga inatsala yongodzaza kambale kodyera. Kuno kunalibenso wina wokhala nayo. Achibale a ku Nguboyenja anasiya kalekale kulima, ndipo kumudzi amene ankatidziwa onse anagona.

Munda wanga umachita malire ndi wa mayi wina wamasiye wochokera ku Tsholotsho. Timaitanana kuti makhelwane, ndiko kuti mnansi m'chinenero chawo. Tsiku lina anandipeza ndikukweza mizere, thukuta lili kamukamu.

"Inu Anyasa," anatero, "chaka chilichonse mumaunda manda. Wamwalira ndani?"

"Wamwalira ndi ulesi, makhelwane. Bwerani mudzalire nawo, paja ndi m'bale wanu."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anati, "Ndipatseniko chimanga chanu cha miyala chija, ndiyese ngati mano anga akadali moyo."

Mtima unafuna kukana, poti kambale kaja ndinkakadziwa. Koma abambo ankati mbewu samanana ndipo sagulitsana. Ndinawatapira dzanja limodzi, iwo n'kumanga pa nsonga ya nsalu.

Mvula inagwa yamphamvu mu Novembala, usiku ndi usana, nthaka n'kununkhira. Ndinadzala yonse, pamwamba pa mizere, osasiyako ndi diso limodzi m'nyumba. Mnansi wanga anakumba timaenje, n'kuthiramo ndowe, n'kudzala pansi penipeni, pamwamba n'kuphimba ndi udzu. Ndinayang'ana mundawo, ndinati mumtima, koma ndiye zalimidwa ndi nkhukutu izi.

Chimanga chinamera bwino, mizere yonse biriwiri. Kenako kumwamba kunangoti mbee. Kumudzi kwa abambo mvula imachuluka, ndipo mzere umakweza mbewu kuti isamire m'madzi. Kuno mzere womwewo unakweza mbewu n'kuipereka kudzuwa. Ukapisa chala pamwamba pake, dothi lotentha ngati phulusa la pamoto. M'mipopi madzi anali atatsekedwa, ndipo amene tinkatunga pa mjigo anali akumwa ndi kuphikira. M'mawa ndinkanyamula otsukira mbale m'chigubu kukathira, koma chigubu chimodzi chingamwetse munda?

Lachinayi, pa mapemphero a amayi, ndinkapempha mvula pamodzi ndi anzanga. Za mbewuyo sindinatchule. Pakati pathu panali odwazika ndi ena amene ana awo anapita ku Joni osamvekanso, ndiye ine ndiimirire ndi nkhani ya kambale ka chimanga? Ndinkangoinena pandekha, posita kapena poluka zoyala pa tebulo, podziwa kuti Ambuye amamva ndi zonong'ona zomwe.

Pofika Khirisimasi masamba anali atapotana n'kuuma. Bambo a ana anati, "Mayi, musadzivute. Tikagula paketi kutauni. Chimanga ndi chimanga." Iwo anakulira mu Makokoba, m'tauni momwe muno, ufa anaudziwira m'pepala.

Mvula inabwerera mochedwa. Ndinadzala kambatata pa mizere ija kuti isangokhala, ndipo kumunda ndinkapita mwa apo ndi apo, osayang'anitsitsa za eni.

Nthawi yokolola itakwana, ndinamva odi pa geti. Anali makhelwane, atasenza beseni.

"Nayi miyala yanu," anatero akutula. "Yandithyola dzino, ndipo mundilipira."

M'besenimo munali chimanga chosasenda, chosankhidwa bwino, chachikulu chokhachokha. M'timaenje muja chinyezi chinakhalitsa, ndipo dzanja limodzi lija linapirira dzuwa lonselo. Ndinagwada pakhonde pomwepo n'kuthokoza Mulungu, iwo ali chilili akundiuza kuti ndifulumire, tiyi akuzizira asanaphikidwe n'komwe.

Nditasenda ndinapeza kuti si choyera chokha ayi. Pakati pa maso oyera panali ena achikasu, chifukwa tsidya lina la munda wawo munthu wina anadzala chimanga chachikasu, ndipo mphepo siidziwa malire. Chaka choyamba ndinakhala pa mkeka n'kuwatola limodzilimodzi, n'kudzala oyera okha.

Mizere ndimakwezabe, manja anazolowera, ndipo a m'kombi amaudziwabe munda wanga. Koma mbewu ndimaika pansi, pakati pa mzere ndi mzere, pamene madzi amaima. Abambo akanaona akanapukusa mutu. Ndikadzala ndimasiyako ina m'kashedi, ina ndimakapereka kwa makhelwane asanapemphe.

Achikasu aja amatulukabe, apa ndi apo pa chimanga chilichonse. Ndinaleka kuwatola. Nawonso ndi olimba, ndipo anankafumbwe amawalephera.