Chuma cha timu yathu chatsala tonde mmodzi

Mwaswera bwanji nonse. Ndangochoka ku miting'i ya timu yathu ya mpira pabwalo la sukulu kuno ku Sinda, nthiti zikundiwawa ndi kuseka.

Mukukumbukira kuti kale timu inkalima thonje n'kugula mbuzi? Zinaswana mpaka khola kudzaza, ndipo ankazisunga ndi msungichuma wathu, amalume athu a Gilbati. Zaka zimenezo ku Katete tinkapita pa minibasi titavala majezi atsopano, osati pa njinga zobwereka ngati pano.

Lero a tcheyamani anati, "A Gilbati, tikapanda kulipira ndalama yolembetsera, anyamata salowa ligi chaka chino. Chuma chili bwanji?"

Amalume anapita kuseri kwa kalasi n'kubwera akukoka tonde wokalamba wa diso limodzi. "Chuma ndi ichi."

Anthu anakuwa, koma iwo osatekeseka. "Mukapambana munkati tiphe mbuzi. Mukaluza munkati tiphe yopepesa mitima. Amene sanadyeko aimirire."

Palibe anaimirira. A tcheyamani anangoti zyoli, pamene tonde anali atayamba kale kutafuna ukonde wa pagolo.

Mapeto ake amalume awachotsa, asankha ine. Tondeyo ndamumanga pakhomo, ndipo mlamu wanu akuti chifukwa cha fungo lake ndisankhe, iwo kapena mbuzi.

Ndiye ndiuzeni abale, ndimugulitse anyamata alowe ligi, kapena ndimupezere mkazi tiyambirenso? Achimwene a ku Lusaka musangotumiza tinkhope toseka. Mutabwera pa Khirisimasi paja, chiwindi munadya ndinu.