Mkamwini Amene Anagonjetsa Apongozi Ake pa Tchesi

Bambo Masautso Jones amakonza njinga pafupi ndi msika wa Mitundu. Ndi munthu wofatsa, amene amavula chipewa ngakhale polankhula ndi ana a sukulu. Tchesi anaiphunzira kwa apongozi awo, Bambo Petro a ku Nathenje, pamene ankakhala pachikamwini, ndipo m'zaka zonsezo sanawagonjetsepo.

M'chaka cha 1995, anthu atayamba kusonkhana popanda kufunsidwa khadi la chipani, kalabu ya tchesi ya ku Mitundu inapita kukapikisana ku Nathenje, amuna asanu mbali iliyonse. Anasewerera m'kalasi. Masewera anayi atatha, mbali iliyonse inali itapambana kawiri. Otsala anali a Masautso, amene maere anawakhazika moyang'anizana ndi apongozi awo. Pa thabwa lawo la tchesi pankasowa kachidutswa kamodzi, msilikali wa mbali ya a Masautso, choncho anaikapo vavu ya njinga.

A Masautso anasewera ataweramitsa mutu, pakuti mkamwini sayang'ana apongozi m'maso. Patapita ola limodzi, vavu ija inangotsala pang'ono kufika kumapeto kwa thabwa ndi kusanduka mfumukazi, chidutswa champhamvu koposa, chimene chikanathetsa zonse. Dzanja la a Masautso linaima m'mwamba. Kupambana kukanachititsa manyazi apongozi pamaso pa anthu akwawo; kulekerera kukanabweza anzawo anayi ku Mitundu ali ogonja.

Dzanjalo linasiya vavu ija n'kuyamba kulowera kwa chidutswa china, kavalo, amene analibe ntchito iliyonse.

"Akamwini," anatero Bambo Petro, "kavaloyo wakulakwirani chiyani?"

"Palibe, bambo. Ndimangoganiza."

"Mukuyesa ndine wakhungu? Ine ndinakupatsani mwana wanga Felesiya wathunthu. Inu musandipatse masewera obooka ngati chubu chakutha."

Anthu anaseka mpaka woyang'anira mpikisano anagogoda tebulo.

A Masautso anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Pepani, bambo." Kenaka anakankha vavu ija, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, monga mmene timaperekera chinthu kwa akuluakulu.

Bambo Petro anayang'ana thabwalo kwa kanthawi, nagoneka mfumu yawo posonyeza kuti agonja. Ataimirira anatola vavuyo ndi kuiika m'thumba la jekete.

"Iyi ndatenga, ya njinga yanga ikutulutsa mpweya." Anatembenukira kwa anzawo a ku Nathenje. "Mwaona? Ameneyu ndinamuphunzitsa ndine."

Kufikira lero, a Masautso akafunsidwa za tsikulo, amayankha akupukuta girisi m'manja kuti apongozi awo anali otopa ndithu.