Lero ndadyera patebulo limodzi ndi Madamu

Mwaswera bwanji nonse kumudziko?

Madamu anga amene ndimawagwirira ntchito kunja kuno achira korona, ndiye lero ananditengera kumalo odyera a Chijapani kudera la Garhoud, ati kundithokoza powasamalira masabata atatu amene ankadwala. Pakhomo anatiyeza kutentha kwa thupi, mamasiki tinavula titakhala pansi.

Kunabwera sushi, mpunga wa nsomba yaiwisi pamwamba! Timitengo todyera tinandikanika, mpaka nsomba inagwera patebulo. Madamu sanaseke. Anangoika timitengo tawo pambali, amvekere, "Khalas, basi, Esinati, tonse tidye ndi manja." Zaka zinayi ndikuwaphikira, kudyera limodzi n'koyamba lero. Misozi inalengeza m'maso.

Pobwerera andipempha kuti ndiwonjezere zaka ziwiri pantchito. Ndikuyamika kwambiri, koma mwana wanga Chisomo akukula osandiona. Amayi, achimwene, ndiwayankhe chiyani?